Funsani Mmisiri: Katundu watithina m'nyumba ya lendi

FUNSO: Bambo Mmisiri, ndine mayi wa ana atatu, timachita lendi nyumba ya zipinda ziwiri kuno ku Kasungu boma. Zovala zathu zili m'masutukesi ndi m'matumba, mbale ndi mapoto zili m'beseni pakona, mabuku a ana amangokhala paliponse. M'mawa uliwonse m'nyumba muno mumakhala phokoso chifukwa wina wasowa sokosi, wina kope. Ndinakafunsa mtengo wa kabati, ndinabwerako nditagwira pakamwa. Eni nyumba anatiletsa kukhoma misomali pakhoma. Kodi chilipo chimene ndingapange ndekha ndi ndalama zochepa? – Mayi wa ana atatu, Kasungu

YANKHO: Zikomo mayi polemba. Ine banja langa ndimadyetsa ndi makabati omwewo, koma sindingakuuzeni kuti mukatenge ngongole ku banki mkhonde chifukwa cha kabati. Chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, guluu, mahinjesi, vanishi ndi maloko zonse zinakwera, ndipo mtengo umene anakuuzaniwo si wakuba ayi, ndi mmene zinthu zilili. Komanso inu muli pa lendi. Tsiku losamuka kabati wamkulu ndi amene amayamba kuthyoka miyendo pokweza pa ngolo. Chimene mukufunika ndi zinthu zoima pazokha, zosakhudza khoma la eni ake, zoti tsiku losamuka mungozipasula ndi kuzimanga mtolo.

Musanagule kalikonse, chotsani katundu pansi. Pa zonse zimene ndilembe pano, ichi ndiye ndikufuna mugwiritsitse. M'nyumba zathu zambiri za lendi omanga sanayale pepala la pulasitiki pansi pa simenti, ndiye mvula ikayamba mu Disembala chinyezi chimakwera kuchokera m'nthaka. Sutukesi imene yakhala pansi miyezi itatu mukaitukula mupeza kunsi kwake kwada, zovala zikununkha chuku. Chiswe chimadzera pansi pomwepo, mphemvu ndi makoswe zimabisala kuseri kwa katundu wounjikidwa pakona. Katundu akakwera m'mwamba pang'ono chabe, tsache n'kumadutsa pansi pake tsiku lililonse, theka la mavuto anu latha.

Yambani ndi shelufu ya njerwa ndi matabwa, chifukwa safuna msomali ngakhale umodzi. Pezani njerwa zootcha, osati zidina, zosankha zofanana msinkhu. Pitani kumene amagulitsa matabwa mukafunse a paini, aja amabwera pa malole kuchokera ku Chikangawa kudzera mu msewu wa M1. Thabwa lokhuthala inchi imodzi, lotambalala mainchesi 8, ndi lokwanira. Muyeze kaye khoma lanu ndi chingwe kunyumba, mupite nacho chingwecho, akakudulireni komweko kuti musavutike ndi sowo. Ngati ndalama zavuta funsani zigwagwa, zotsala pocheka matabwa zija zokhala ndi khungwa mbali imodzi. Mtengo wake ndi wotsika kwambiri, ndipo mukasenda khungwalo ndi chikwanje zimagwira ntchito bwinobwino.

Posankha thabwa musachite manyazi. Linyamuleni. Likakhala lolemera modabwitsa, lozizira m'manja, ndiye kuti ndi laliwisi, ndipo likamauma m'nyumba mwanu lipindika. Ikani diso kumapeto kwake muyang'ane mpaka kwinako, muone ngati lili lowongoka. Lokhala ndi mfundo yaikulu pakati lisiyeni, limathyokera pomwepo.

Kunyumba yalani pepala lakuda la pulasitiki pansi, musanjikepo njerwa ziwiriziwiri mbali zonse, kenako thabwa loyamba. Pamwamba pake njerwa zina zitatu kapena zinayi mbali iliyonse, thabwa lachiwiri, choncho. Mpata wa pakati pa mizati ya njerwa usapitirire masentimita 80. Thabwa likakhala lalitali kuposa apo onjezani mzati wina pakati, apo ayi mabuku akalemera lidzagonera pakati. Njerwa zapamwamba zikhale molunjika ndi zapansi. Ndipo apa mundimvetsetse mayi, poti muli ndi ana: shelufu yotereyi isapitirire mizere itatu, isatalike kuposa m'chiuno mwanu. Mwana wokwawa amakonda kugwira ndi kudzikoka kuti aime, wamkulupo amakwera. Njerwa yogwa kuchokera pamwamba ikhoza kumuvulaza koopsa. Zolemera zonse, mapoto akuluakulu ndi ndowa ya ufa, zikhale mzere wapansi, ndipo pamwamba musamaikepo shuga kapena chilichonse chimene mwana angachilakelake mpaka kukwera.

Musaigundike kukhoma. Siyani mpata wolowa dzanja. Mpweya umadutsa, komanso mumaona msanga timisewu tadothi ta chiswe tikayamba kukwera khoma, n'kutiphwanya tisanafike pa thabwa. Paini ndi wofewa, chiswe chimamukonda kwambiri.

Tsopano nkhani ya sokosi ndi makope. Zigubu zachikasu za mafuta ophikira za malita 20 zija, anthu ogulitsa mandasi ndi tchipisi amakhala nazo, ndipo zong'aluka zimene sizingatungirenso madzi amagulitsa motchipa, ena amangopereka. Tsukani ndi madzi otentha ndi sopo mpaka mafuta athe, chiumitseni padzuwa. Chigonekeni chammbali, mudule mbali imodzi yaikulu yonse ndi mpeni wakuthwa kapena kasowo kodulira zitsulo, koma chogwirira muchisiye. Mmene mwadulamo mumakhala mwakuthwa, ndiye mupalemo ndi sandipepa kapena mwala wokhakhala. Mukachilowetsa pa shelufu chogwirira chili kutsogolo, mwapeza dilowa yokoka. Mwana aliyense akhale ndi chake, mulembe dzina lake kutsogolo. Yunifolomu, sokosi, zamkati, zonse za mwanayo zizikhala mmenemo, ndipo usiku asanagone aziona yekha ngati za mawa zilimo. Ndinaziona kwa mlamu wanga ku Santhe, ana anayi m'chipinda chimodzi, wamng'ono wa sitandade 2 akukoka chigubu chake, kutulutsa malaya opindidwa bwino, kubwezera pamalo pake popanda womuuza. Chigubu chimene munasungidwa petulo, dizilo kapena mankhwala a fodya musachitenge, ngakhale wogulitsa alumbire kuti anatsuka.

Zovala zopachika, ngati nyumbayo ilibe siling'i, gwiritsani ntchito mitengo ya denga. Mangani waya wolimba malo awiri pa mtengo waukulu umene wagona pakhoma, osati timitengo ting'onoting'ono tokhomerapo malata, mulendeweretse nsungwi yowongoka yokhwima. Apo mwapeza popachika madiresi a kutchalitchi ndi jekete la bambo. Pamwamba fundikanipo chitenje chakale chifukwa fumbi la Kasungu mwezi wa Seputembala ndi Okutobala silisiya malo. Auzeni kaye eni nyumba, waya sawononga kanthu ndipo ambiri sakana. Pokwera muyang'ane bwino ngati nthambo za magetsi sizinadutse pa mtengo womwewo.

Kuseri kwa chitseko ndi malo amene anthu amangowataya. Tengani thumba loyera lochapa bwino kapena nsalu yolimba, pitani nayo kwa atelala akusokereni matumba ang'onoang'ono mizere itatu, pamwamba apinde polowetsa kamtengo. Pindani mawaya awiri mukolowetse pamwamba pa chitseko. Zipeso, mafuta odzola, polishi, burashi ya nsapato, tochi, zonse zapeza kwawo.

Makatoni ndimakana. Ndi aulere inde, koma amamwa chinyezi, mphemvu zimaikira mazira m'mikwingwirima yake, ndipo chiswe chimadya katoni msanga kuposa thabwa. Ngati mukufuna kusunga zinthu pansi pa bedi, ikani m'ndowa kapena m'beseni lovindikira.

Chomaliza mayi, pamene mukukhuthula masutukesiwo mupeza zovala zimene ana anazikula kalekale. Musazipangire malo. Kumudzi kuli ana a achemwali anu amene akuzifuna chaka chino.

FUNSO: Amisiri, kuno kwathu ku Mkanda anthu tinasiya kusunga chimanga m'nkhokwe panja chifukwa cha akuba. Matumba a chimanga, a mtedza ndi feteleza wotsala zonse zili kuchipinda kumene timagona. Chaka chatha matumba apansi anaola ndipo makoswe anatiboolera ambiri. Ndimange chiyani? – Mlimi, Mchinji

YANKHO: Achimwene, vuto lanu lili m'nyumba zambiri kuno ku Kasungu ngakhalenso kwanu ku Mchinji. Mangani kathandala kakafupi. Dulani mitengo ya bulugamu yowuma, yokula ngati mkono wa munthu wamkulu, muisende makungwa. Ikani njerwa zootcha zitatuzitatu pamakona ndi pakati, goneketsani mitengo iwiri kapena itatu ikuluikulu pamwamba pake, kenako ing'onoing'ono mopingasa, motalikirana pang'ono kuti mpweya uzidutsa. Mangani ndi waya kapena linya. Thandalalo likwere mokwanira kuti tsache ndi mphaka zizilowa pansi pake, ndipo litalikirane ndi khoma mpata woti inu muzitha kudutsa chammbali pokayendera matumba. Khoswe amakonda malo amdima amene munthu safikako. Mukamazungulira mulu wanu sabata iliyonse mumaona msanga ndowe zake ndi gaga wogwa pansi.

Ngati mukufuna kugwiritsa ntchito nsungwi, dulani zokhwima nthawi ya chilimwe, muziviike m'madzi masabata angapo kenako muziumitse pamthunzi. Zikatero tizilombo tofumbwitsa sitizikonda kwenikweni. Nsungwi musakhome ndi msomali, imang'aluka. Imangidwa basi.

Anthu ambiri amapaka oyilo wakutha wa galimoto pa mitengo poopa chiswe. Pa mizati ya khola kapena mpanda pakani, koma pa thandala la chakudya ayi. Oyilo ameneyo ali ndi zoipa zambiri ndipo fungo lake limalowa m'matumba. Pa thandala la chimanga chitetezo chanu ndi njerwa, pepala la pulasitiki pansi pa njerwazo, ndi maso anu.

Thandala silingapulumutse chimanga cholowa m'thumba chisanaume. Yesani motere: tengani botolo lagalasi louma bwino, thiranimo chimanga dzanja limodzi ndi mchere wouma sipuni imodzi, tsekani, khutchumulani, mudikire pang'ono. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo chimangacho chikadali ndi madzi, chibwezereni padzuwa. Alangizi amati chinyezi chake chisapitirire 13 peresenti. Ngati mungakwanitse, gulani matumba a PICS, aja okhala ndi mapepala awiri apulasitiki mkati ndi thumba wamba kunja. Safuna mankhwala, anankafumbwe amafera mkati chifukwa chosowa mpweya, bola mumange pepala lililonse palokha mwamphamvu. Koma thumba lotere likangobooka ntchito yake yatha, choncho pa thandala pasakhale nsonga ya waya kapena mfundo yakuthwa. Yalanipo ziguduli zakale kapena mphasa musanasanje. Mtedza sungani wosasenda, wouma gwaa, chifukwa wonyowa umachita chuku chimene chimadwalitsa anthu ndipo ogula amaukana.

Feteleza mumuchotse pamenepo. Urea amakoka chinyezi, amasungunuka n'kunyowetsa zimene zayandikana naye, komanso amadyetsa dzimbiri makasu ndi njinga. Mupangireni kathandala kake kwina, thumba lomanga kukamwa. Ndipo ngati m'nyumbamo muli chipinda china, ndikupemphani kuti matumba othira mankhwala a ufa aja asamakhale kumene mumagona ndi ana.

FUNSO: Bambo, ndangoyamba kumene ntchito ya uphunzitsi kufupi ndi Kamwendo. Nyumba imene ndikukhala imadontha. Masatifiketi anga ndimasunga pansi pa matiresi. Kodi ali bwino pamenepo? – Mphunzitsi wachitsikana, Mchinji

YANKHO: Mwana wanga, achotsenipo lero lomwe. Pansi pa matiresi pamachita thukuta, pepala limamatirira ndi kuchita mawanga, ndipo ngati bedi lagunda khoma chiswe chimafika. Satifiketi ya MSCE ikawonongeka mudzayenda maulendo ambiri kuti mupeze chikalata china kuchokera ku MANEB ku Zomba.

Gulani ndowa yaing'ono yapulasitiki yokhala ndi chivindikiro chothina. Satifiketi iliyonse ilowe m'kathumba kake kapulasitiki, aja amagulitsa m'mashopu a zolembera, kenako zonse mu envulopu yaikulu yolimba. Ngati ndowayo ndi yopapatiza musapinde mapepala, pezani yotambalala kapena bokosi lapulasitiki lovindikira. Momwemo muikemo buku lakuchipatala, kalata yolembedwera ntchito ndi makope a chiphaso cha unzika. Ikani pamalo okwera, kutali ndi pamene pamadontha, ndipo kunja kwake musalembepo kanthu kuti mlendo aziyesa ndi ya ufa. Mukapita ku boma kajambulitseni makope awiriawiri, ena mukasungitse kwa makolo. Jambulaninso ndi foni pepala lililonse mbali zonse, mudzitumizire pa imelo kuti foni ikatayika zithunzizo zisapite nayo.

Mwezi wa Febuluwale, mvula ikakhala yafika pachimake, sankhani tsiku la dzuwa mutsegule ndowayo, mapepala apitidwe mphepo pamthunzi kwa ola limodzi, kenako mutsekenso.