Yankho kwa achemwali amene afunsa za malamulo a pagombe la nyanja yamchere

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga. Mwati mwachita lendi nyumba kwa masiku ochepa m'dera lina la m'mphepete mwa nyanja yamchere, mukupita ndi ana, ndipo mwininyumba wakutumizirani pepala lodzaza ndi "musachite chakuti, musachite chakuti" lokhudza gombe la m'deralo. Ndiye mukufuna kudziwa ngati malamulowo ali enieni kapena ndi kaduka chabe ka eni dera osafuna alendo, poti nyanja ilibe mwini.

Pa zoti nyanja ilibe mwini simunaname. M'mayiko ambiri mchenga umene madzi amafikapo nyanja ikadzaza ndi wa anthu onse, ndipo munthu sangakuthamangitsenipo chifukwa choti khonde lake linayang'ana pamenepo. Ku Spain lamulo la 1988 limatero, ku South Africa la 2008 limateronso, ndipo ku California kuli la 1976 loteteza ufulu wa anthu wofika kugombe. Koma si dziko lililonse lomwe limatero, ndipo ngakhale kumene amatero, cha onse ndi mchengawo basi. Kanjira kodutsa pakati pa nyumba, kapinga, mpopi wa panja, masitepe otsikira kumadzi, zimenezo zikhoza kukhala ndi eni ake. Mikangano yambiri ya alendo ndi eni dera imabukira pamenepa, munthu asanaponde ndi madzi omwe.

Ndiye pepala lanulo muliwerenge mukudzifunsa kuti mzere uliwonse analemba ndani. Zina mwininyumba wangokopera pachikwangwani cha khonsolo chimene mukachipeze polowera kugombe. Chimenecho chimakhala ndi chizindikiro cha khonsolo, nthawi zambiri ndi chindapusa chomwe, ndipo wapolisi akhoza kukulipiritsani. Zina ndi pempho la komiti ya anthu okhala m'deralo. Zimenezo sangakumangeni nazo, koma ndi zomwe zingachititse kuti m'mawa aneba akupatseni moni kapena aimbire foni mwininyumba. Ndipo inde, alipo eni nyumba ena amene amakhoma okha kachikwangwani koti "malo a eni" panjira imene ili ya aliyense. Mukakayika musalimbane nawo pamsewu, kafunseni ku khonsolo kapena kwa opulumutsa anthu pagombepo. Paja safunsa anadya phula.

Koma chimene chandilembetsa zambiri chonchi n'chakuti m'funso lanu lonse simunatchulemo madzi, chonsecho malamulo a m'madzi ndi amene munthu ukawaphwanya sulipira ndalama, umalipira moyo.

Mukafika, musanayale ndi nsalu yomwe, yang'anani mbendera. Mbendera ziwiri zokhala ndi mtundu wofiira pamwamba ndi wachikasu pansi zimasonyeza malo amene opulumutsa anthu akuyang'anira, ndipo mumasambira pakati pa ziwirizo. Pakatipo pamakhala chigulu cha anthu, n'zoona, ndipo inu mudzaona malo abwino opanda anthu chauko. Atayeni malowo. Mbendera yofiira yokhayokha ndiye kuti musalowe m'madzi. Ya mabokosi akuda ndi oyera ndi ya anthu oseweretsa matabwa pamafunde, osambira safunika pamenepo, thabwa lija likakumenyani pamutu ndi nkhani ina. Palinso zina za dera ndi dera: ku America yapepo imachenjeza za zamoyo zoluma monga jellyfish, ku Britain amakweza kathumba ka nsalu ka mtundu wa lalanje mphepo ikamawomba kuchokera kumtunda, pomwe pamagombe ena a ku Cape Town mbendera yoyera yojambulidwa shaki yakuda, pamodzi ndi kulira kwa sairini, ikutanthauza kuti aliyense atuluke msanga. N'chifukwa chake chikwangwani cha gombelo muchiwerenge ngakhale mutakhala kuti munasambirapo kwina. Gombe laling'ono la m'dera mwina silikhala ndi opulumutsa anthu n'komwe, kapena amabwera nyengo ya tchuthi yokha ndi maola owerengeka. Kusaona mbendera sikutanthauza kuti madzi ali bwino, kukutanthauza kuti palibe amene akukuyang'anirani.

Chimene chimamiza anthu kwambiri ndi madzi okoka, amene pazikwangwani amawalemba kuti rip current. Mafunde akamatutira madzi kumtunda, madziwo amafuna pobwerera, ndipo akapeza mpata pakati pa milu ya mchenga ya pansi, kapena m'mbali mwa miyala ndi zipilala, amathamangira pamenepo ngati mumfuleni madzi a mvula atakwiya. Kuipa kwake n'kwakuti pamalopo pamaoneka pabata. Mafunde saswekapo kwambiri, madzi amaoneka akuda pang'ono kapena amatope, ndiye mayi wosamala ana ake ndi amene amasankha pomwepo poganiza kuti ndi pofatsa. Madzi amenewa akhoza kuthamanga kupitirira mamita awiri pa sekondi, liwiro loti ngakhale katswiri wa mpikisano sangalimbane nalo. Bungwe la opulumutsa anthu ku America la USLA limati mwa anthu 100 alionse amene amapulumutsidwa pamagombe a mafunde, opitirira 80 amakhala atakokedwa ndi madzi amenewa.

Sakokera munthu pansi ayi, amangomutengera kutali ndi gombe. Chimene chimapha ndi mantha ndi kutopa, munthu akamalimbana nawo kuti abwerere molunjika komwe wachokera. Akakukokani gonani chagada, muyandame, mupume, mukweze dzanja limodzi n'kukuwa. Ngati mphamvu zilipo sambirani chopingasa, motsatira gombe, chifukwa kawirikawiri mpatawo sukhala waukulu, kenako mafunde akuthandizani kubwerera. Ana anu muwauze zimenezi muli kunyumba, osati ali kale m'madzi. Ndipo wina akakokedwa inu muli kumtunda, itanani thandizo n'kumuponyera chilichonse choyandama. Ena mwa amene amamira ndi makolo ndi achibale olowa chimanjamanja kukapulumutsa mnzawo.

Machubu ndi matiresi opopa aja ndi a m'damu losambiramo. Panyanja kamphepo kakang'ono kochokera kumtunda kamakankha mwana ali pamwamba pake mofulumira kuposa momwe inu mungasambire, ndipo n'chifukwa chake magombe ena anangoziletseratu.

Chinanso chimene munthu wozolowera madzi a mitsinje ndi madamu sachiganizira ndi kudzaza ndi kuphwera kwa nyanja. M'malo ambiri imadzaza kawiri patsiku, motalikirana maola 12 ndi mphindi 25, ndipo tsiku lililonse nthawiyo imasuntha ndi mphindi pafupifupi 50. Ndiye poti dzulo cha m'ma 10 koloko munazungulira thanthwe lija pouma, si chifukwa choti mkuja mudzatero. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa, madzi amakwera kwambiri ndi kutsikanso kwambiri. Kusiyanaku kumatengeranso malo: ku Mediterranean mwina simungazindikire n'komwe, pomwe ku Bay of Fundy ku Canada madzi amakwera mamita pafupifupi 16. Ndandanda wa nthawizi umapezeka pachikwangwani kapena pa intaneti. Muziuona m'mawa uliwonse musanapite ndi ana kukasuzumira tinkhanu m'miyala, chifukwa madzi amayamba kutseka njira ya kumbuyo kwanu inu muli chowerama.

Mvula yamphamvu ikagwa, dikirani. Ngalande za m'misewu zimakhuthulira zonyansa zonse m'nyanja, ndipo madera ena, monga ku California, amalangiza kudikira masiku atatu. Magombe okhala ndi mbendera ya Blue Flag, ndondomeko imene inayambira ku France mu 1985, madzi ake amayezedwa pafupipafupi, koma gombe la m'dera nthawi zambiri silikhala nayo.

Tsopano tibwere ku aja amaoneka ngati achibwana. Lamulo loti musadutse pazitunda za mchenga, muzingoyenda pakanjira ka matabwa, ine ndimaliikira kumbuyo kwambiri. Udzu umene umamera pamenepo ndi umene umagwira mchenga. Ukapondedwapondedwa umafa, mphepo imaboola chitunda, ndipo tsiku la namondwe madzi amadzera pompo kukalowa m'nyumba za anthu. Ndiye agogo akakukalipirani kuti tsikanipo, musawaone ngati ovuta, akuteteza khoma lawo. Kutola mchenga, timiyala ndi zigoba nakonso kuli ndi malire. Inu mukuona kabotolo kamodzi, iwo akuona alendo miyandamiyanda aliyense ndi kabotolo kake. Ku Sardinia ku Italy, kuyambira 2017, munthu wopezeka ndi mchenga m'chikwama amalipira chindapusa cha pakati pa 500 ndi 3,000 euros. Ngati ndi gombe limene akamba a m'nyanja amaikirapo mazira, mupezanso lamulo lozimitsa magetsi a panja ndi matochi usiku. Mazirawo amakhala mumchenga pafupifupi miyezi iwiri, ndipo tiana tikaswa timalondola komwe kukuwala. Babu la pakhonde likawala kuposa nyanja, timalowera kumsewu.

Mabotolo agalasi ndi moto sindichulutsa mawu: chigalasi chobisala mumchenga chimadikira phazi la mwana, ndipo makala okwiriridwa amakhalabe otentha mpaka m'mawa. Ngati moto ndi wololedwa, uzimitseni ndi madzi. Maenje amene ana amakonda kukumba asapitirire m'mawondo mwa mwana wamng'ono pa onsewo, ndipo muwafotsere pochoka. Mchenga wodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse umalemera makilogalamu pafupifupi 1,600, ukagumukira mwana simungaufukule ndi manja nthawi yake. Mowa ndi fodya zimatengera dera. Magombe ambiri saloleza mowa, ndipo Barcelona inaletsa kusuta pamagombe ake onse mu 2022.

Za aneba ndiye n'zimene mukuzidziwa kale, kungoti patchuthi timaiwala. Galimoto isatseke geti la munthu kapena njira yolowera ambulansi, ndipo misewu ina imakhala ya okhala komweko okha, galimoto yopanda chiphaso amaikoka. Phokoso limayenda patali pamwamba pa madzi, makamaka usiku, ndiye sipika imene kwa inu ikumveka pang'ono, wina amene mawa akulawirira kuntchito akuimva kuchipinda. Bini ikadzaza zinyalala mubwerere nazo, musaziunjike pambali kuti mbalame zimwaze. Ngati muli ndi galu funsani nyengo ndi maola, mwachitsanzo magombe ambiri a ku England saloleza agalu kuyambira pa 1 May mpaka pa 30 September. Ana a eni musamawajambule, ndipo kandege kojambula ka drone kasauluke musanafunse. Lokhalo limene ine ndimaliona ngati lowonjeza ndi la makomiti ena oletsa alendo kukhala pamchenga woyang'anana ndi nyumba zawo. Ngati khonsolo sinalembe zimenezo, yankhani mwaulemu n'kukhalabe pomwepo.

Tsiku loyamba jambulani chikwangwani cha polowera ndi foni yanu. Pamakhala dzina la gombe, kawirikawiri nambala ya khomo limene mwalowera, ndi nambala yoimba pakagwa ngozi. Mukaimba foni, funso loyamba limakhala loti muli pati, ndipo kunena kuti "tili kunyanja" sikuthandiza pagombe la makomo khumi. Mwana wamkulu nayenso aloweze nambalazo pamtima, ndipo mugwirizane malo amodzi ooneka patali, monga nsanja ya opulumutsa anthu, pomwe wosochera azikadikira.