Mwana wanu ndi boti la matanga ku Mangalande: yankho kwa mayi a ku Santhe

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi ena a ku Santhe amene apempha kuti ndisawatchule dzina. Mwana wawo wamkazi ndi namwino ku Southampton, ku Mangalande. Anzake akuntchito amuitana kuti pa tchuthi akayende nawo sabata yathunthu pa boti la matanga, aja amati yacht, kutsata gombe kenaka n'kuwolokera ku France ngati mphepo italola. Mayiwa alemba kuti: "Wanditumizira chithunzi pa WhatsApp. Kaboti kawoko sikakuoneka n'komwe pafupi ndi chisitima cha makontena, ndiye maboti enanso ali mbwee paliponse. Tulo sindikupeza. Kodi pamadzi podzaza chonchi amapatsana bwanji njira? Ndimuletse?"

Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka ndipo sindikuichepetsa. Ife a kuno ku Kasungu madzi aakulu timakawaona tikatsikira ku Nkhotakota, ndiye kuona mwana wako ali pakati pa zisitima zotere mtima umakhala m'mwamba. Ine ndinagwirapo ntchito pa maboti a alendo ku Cape Town ndisanabwerere kumudzi, ndipo yankho langa ndi lakuti musamuletse. Koma musangomuuza kuti "uyende bwino" basi. Kuchuluka kwa maboti pakokha sikumiza munthu. Chofunika kuchifufuza ndi munthu amene adzagwire chiwongolero, ngati ali woti amayang'ana uku ndi uku nthawi zonse komanso amapatuka nthawi ikadalipo.

Madzi amene ali pachithunzipo ayenera kuti ndi a Solent, mpata wa nyanja umene uli pakati pa dziko la Mangalande ndi chilumba cha Isle of Wight. Ndi malo amodzi mwa odzaza kwambiri ndi maboti a matanga ku Ulaya konse. Ku Cowes, tauni ya pachilumbapo, mpikisano wa maboti unayamba m'chaka cha 1826 ndipo ukuchitikabe. M'madzi omwewo mumadutsa sitima za makontena ndi za alendo zopita kudoko la Southampton, za mafuta zopita ku Fawley, zankhondo za ku Portsmouth, ndi zina zowolotsa anthu ndi magalimoto tsiku lonse. Choncho chimene mwaona pachithunzi ndi mmene kumakhalira masiku onse a chilimwe.

Pamadzi palibe mizere yojambula ngati pamsewu, koma malamulo alipo, ndipo ndi amodzi dziko lonse lapansi. Anakhazikitsidwa m'chaka cha 1972 ndi bungwe loona za maulendo apanyanja limene lero limatchedwa IMO, n'kuyamba kugwira ntchito mu 1977. Maboti awiri a matanga akakumana, limene mphepo ikulimenya kuchokera kumanzere ndilo limapatuka. Ngati onse mphepo ikuwamenya mbali imodzi, limapatuka ndi limene lili kumene mphepo ikuchokera. Wopitirira mnzake kuchokera kumbuyo ndiye amasamala, kaya ndi wamkulu kaya wamng'ono. Ndipo boti likangoliza injini, ngakhale matanga ali m'mwamba, limawerengedwa ngati la injini. Izi woyendetsa aliyense wophunzira amazidziwa pamtima, moti sindikhalitsapo.

Pamene ndikufuna tikhalitse ndi pa lamulo lina limene anthu amalimva theka. Amati sitima ya injini iyenera kupatukira boti la matanga. N'zoona, zinalembedwadi choncho. Koma malamulo omwewo amanenanso kuti m'njira yopapatiza, mmene sitima yaikulu singathe kuchoka popanda kukhula pansi, boti la matanga kapena lililonse losafika mamita 20 lisaitsekereze. Ganizirani wakabaza pa M1 pafupi ndi depoti ya Kasungu, thiraki yodzaza mabelo a fodya ikubwera. Ngakhale atakhala kuti ndiye anayamba kulowa mumsewu, thirakiyo singaime pomwepo, ndipo dalaivala ali pamwamba sangaone njinga imene yafika pansi pa bampala. Sitima ya mamita 300 ikati iime imatha kuyendabe makilomita angapo. Woyendetsa amakhala pamwamba kwambiri, nthawi zambiri kuseri kwa milu ya makontena, ndipo malamulo a kapangidwe ka sitima amalola kuti madzi a patsogolo pake mpaka mamita 500 asaoneke. Kaboti kakalowa m'chigawo chimenecho ndiye kuti kasowa m'maso mwake.

N'chifukwa chake akuluakulu a doko la Southampton anaika lamulo lawolawo pamalo pamene sitima zimakhota mozungulira mchenga wa Bramble, pafupi ndi Cowes. Sitima ikakhala yotalika kuposa mamita 150, boti laling'ono lisapezeke pa mamita 1,000 kutsogolo kwake kapena mamita 100 m'mbali mwake. Nthawi zambiri kutsogolo kumayenda kaboti ka adoko kothamangitsa osamva. Mu Ogasiti 2011, mpikisano wa ku Cowes uli mkati, boti la matanga lotchedwa Atalanta of Chester linalowa m'chigawo choletsedwacho n'kugundana ndi sitima ya mafuta ya Hanne Knutsen. Thanga linakodwa pa nangula wa sitimayo, mlongoti n'kuthyoka. Mwamwayi palibe anamwalira, koma woyendetsa botilo khoti linamupeza wolakwa ndipo analipira chindapusa. Onani kuti anali masana, kunja kukuoneka bwino, ndipo m'botimo munali anthu odziwa nyanja. Anaganiza molakwika za kumene sitimayo ikhotere, n'kuchedwa kuchoka.

Nanga woyendetsa wabwino amadziwa bwanji kuti sitima imene ikuoneka kutali idzamugunda kapena idutsa? Pali njira yakale imene mpaka lero siinalowedwe m'malo. Amatenga kampasi ya m'manja, n'kuiloza pa sitimayo, n'kuwerenga nambala. Pakapita mphindi ziwiri kapena zitatu amalozanso. Nambala ikamasintha, sitimayo idutsa kutsogolo kapena kumbuyo. Ikangokhala yomweyo, sitima n'kumakulirakulira, ndiye kuti mukupita kukakumana malo amodzi. Ngakhale wopanda kampasi akhoza kukhala phee pamalo amodzi, mutu osasuntha, n'kuyang'ana sitimayo moyerekeza ndi kachitsulo ka m'mphepete mwa boti. Ikapanda kuchoka pa kachitsuloko, auze woyendetsa msanga. Mwana wanu akhoza kuphunzira zimenezi tsiku loyamba, ndipo adzakhala wothandiza m'botimo kusiyana n'kungokhala mlendo wojambula zithunzi.

Nthawi yake ndi yochepa kuposa mmene maso amaonera. Boti la matanga limayenda makilomita 9 mpaka 11 pa ola. Sitima ya makontena ikhoza kuyenda makilomita 37 pa ola. Mukaiona ili pa makilomita 10, kakadontho chabe, pakangotha mphindi 16 yafika. Ndiye wopatuka apatuke msanga, ndiponso akhote kwambiri kuti wapasitima aone bwinobwino kuti wamusiyira njira, makamaka podutsa kumbuyo kwake. Kukhota pang'onopang'ono kumasokoneza mnzako. Sitima ikaliza hutala kasanu mofupikitsa, ikunena kuti sikumvetsa chimene ukuchita, ndipo woyendetsa amene wamvapo kulira kumeneko kukulozera iye samakuiwala.

Za kuwolokera ku France, zimatengera podutsa. Kuchokera ku Isle of Wight kukafika ku Cherbourg ndi makilomita pafupifupi 110, ulendo wa maola 12 kapena kuposerapo, ndipo pakati pake amadula mizere iwiri ya sitima: choyamba zochokera kumanzere zolowera kumadzulo, kenaka zochokera kumanja. Akasankha kukawolokera ku Dover, mtunda ndi waufupi, makilomita 33 okha, koma pamadutsa sitima zamalonda zoposa 400 pa tsiku. Kumeneko njira za sitima zinagawidwa kuyambira 1967, ndipo boti laling'ono liyenera kudula molunjika, mphuno yake itayang'ana tsidya, osayenda chopingasa kapena kuzengereza pakati. Malamulowa anakhwimitsidwa pambuyo pa ngozi za mu 1971, pamene sitima ya Texaco Caribbean inagundana ndi ya Paracas n'kumira, ndipo sitima zina ziwiri, Brandenburg ndi Niki, zinadzagunda zotsalira zake n'kumiranso, anthu ambiri n'kufa.

Sindikubisirani, chimene ine chimandiopsa kwambiri ndi usiku ndi chifunga. Ku Table Bay, panyanja ya ku Cape Town, chifunga chimatha kutsika mwadzidzidzi, phiri lonse n'kusowa, mphuno ya boti lako lomwe osaiona bwino. Umangomva hutala wautali wa sitima mphindi ziwiri zilizonse, osadziwa ngati uli kumanja kapena kutsogolo, madzi akudontha kuchokera ku thanga, aliyense m'botimo ali chete kutchera khutu. Nthawi ngati imeneyo woyendetsa wanzeru amathawira kumadzi osaya kumene sitima yaikulu singafike, kapena sanyamuka n'komwe padoko. Mu Ogasiti 2006 boti laling'ono lotchedwa Ouzo linasowa usiku kumwera kwa Isle of Wight, amuna atatu n'kumwalira. Ofufuza a boma anati liyenera kuti linagundidwa kapena kukutidwa ndi mafunde a sitima yaikulu yonyamula anthu, imene sinalione pa radar ndipo nyali zake inaziona mochedwa. Maboti ambiri a matanga ndi a pulasitiki, saoneka bwino pa radar mafunde akakula. Masiku ano kuli kachipangizo kotchedwa AIS, kamene kamaulutsa dzina la boti, pamene lili ndi kumene likulowera. Sitima zazikulu zimakakamizidwa kukhala nako, maboti aang'ono ayi, ndipo ena ali ndi kongolandira kokha, kosaulutsa. Kwa ine, boti lopanda AIS youlutsa lisadule njira za sitima usiku muli mwana wa munthu.

Pali chinanso chimene ife ozolowera nyanja ya Malawi sitichidziwa. Kwathu mwera ukhoza kuvuta, koma madzi sakwera ndi kutsika tsiku ndi tsiku. Kunyanja yamchere amadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo pa mipata yopapatiza ngati ya Hurst, kumadzulo kwa Solent, amathamanga mwamphamvu moti boti lolimbana nawo limangokhala ngati laima. Mphepo ikamawomba motsutsana ndi madziwo mafunde amaima njoo, afupiafupi. Choncho mwana wanu akadzakuuzani kuti anyamuka 4 koloko m'bandakucha, musadabwe, akutsata madzi. Madziwonso ndi ozizira, madigiri 15 mpaka 18 ngakhale m'chilimwe, pamene a kunyanja kwathu amapitirira 24. Wogweramo amabanika mpweya m'mphindi yoyamba ngakhale akhale katswiri wosambira. Jekete loyandamitsa alivale nthawi zonse ali panja, lamba wapakati pa miyendo atamanga, chifukwa popanda lambayo jekete limakwera kumutu. Usiku adzimangirire ku boti ndi chingwe.

Tsono mukamuimbira, mufunseni mwachifatse izi, ndipo iye akafunse mwini boti popanda manyazi. Woyendetsayo anaphunzira kuti? Ku Mangalande munthu akhoza kuyendetsa boti lake la matanga popanda laisensi, ndiye funsoli si lachipongwe. Bungwe la RYA, loona za maphunziro a oyendetsa maboti kumeneko, limapereka masatifiketi: Day Skipper ndi ya maulendo a masana m'madzi owadziwa, pamene wowoloka nyanja ndi anthu achilendo ndingakonde atakhala ndi Coastal Skipper kapena Yachtmaster, kapena akhale woti njirayo anaidutsapo kambirimbiri. Afunsenso ngati m'botimo muli munthu wachiwiri wotha kulibweza padoko woyendetsa atadwala kapena atagwera m'madzi. Aone ndi maso ake wailesi ya VHF, amusonyeze tchanelo 16 choitanira thandizo ndi batani lofiira la ngozi. Funso limene ndimalikonda kwambiri ndi ili: nyengo ikaipa, tichita chiyani? Woyendetsa wodalirika amayankha mosavuta kuti tikhala padoko, kapena titsata gombe kupita ku Lymington kapena ku Poole, France idikire. Amene angayankhe kuti zivute zitani tiwoloka chifukwa tchuthi n'chachifupi, mwana wanu amusiye apite yekha.

Ngati nthawi ilipo ulendo usanafike, RYA yomweyo ili ndi maphunziro a masiku 5 a anthu oyamba kumene, otchedwa Competent Crew, ndipo masukulu ake ndi ambiri kufupi ndi Southampton komweko. Amagona m'boti, amaphunzira zingwe, chiwongolero, ulonda ndi kutola munthu wogwera m'madzi. Poti ndi namwino, za mankhwala a chizungulire cha panyanja azidziwa yekha, koma amwe asananyamuke, osadikira kuti nseru iyambe.

Inuyo mumupemphe akulembereni dzina la boti, madoko amene akufuna kugona, ndi nambala ya munthu wotsala kumtunda ku Mangalande amene akudziwa za ulendowo. Pakati pa nyanja foni imataya netiweki kwa maola angapo, ndiye tsiku lowoloka mukaona uthenga wanu sukupita, musafulumire kuganiza zoipa. Mugwirizane ola limene adzakuimbireni akafika. Ola limenelo likadutsa kwambiri, muimbire munthu wakumtunda uja, iyeyo aimbe 999 n'kupempha a Coastguard, opulumutsa anthu panyanja.