Za ndalama zothandiza alimi a ziweto msipu ukauma

Achimwene, mwafunsa ngati boma la America lingakulipireni poti chilala chaumitsa msipu wa ng'ombe zanu. Inde, kudzera mu ndondomeko yothandiza alimi a ziweto yotchedwa Livestock Forage Disaster Program, yomwe amayendetsa ndi a Farm Service Agency, nthambi ya boma yothandiza alimi.

Koma dziwani kuti sabwera kudzaona udzu wanu wofiirawo. Amayang'ana mapu a U.S. Drought Monitor, oonetsa kukula kwa chilala, kuti aone kuti dera lanu lafika gawo liti pa nyengo yodyetsa ziweto kubusa. Likangofika pa D3 (gawo la chilala choopsa kwambiri), mumalandira ndalama za miyezi itatu. Likakhala pa D4 (gawo la chilala choopsa kuposa onse) kwa masabata anayi, ndiye miyezi isanu. Apa pamandipweteka mtima, chifukwa munthu amatha kukhala ndi busa la fumbi lokhalokha, zitsime zitaphwa, pomwe mapuwo sanafike pamenepo.

Musayembekezere kubwezeredwa zonse: amapereka 60 peresenti yokha ya mtengo wa chakudya cha ziweto pamwezi monga amawerengera iwowo. Ng'ombezo zikhalenso zoti munali nazo m'masiku 60 chilala chisanayambe.

Chomwe chimagwetsa ambiri ndi mapepala. Onetsetsani kuti munalembetsa kukula kwa busa lanu ku ofesi yawo, ndipo ngati malowo mumachita lendi, tengani kalata ya mgwirizano. Ngati munagulitsako ng'ombe chifukwa cha chilala, malisiti musataye.