Webusaiti ndili nayo koma foni siikulira, ndilipirenso?

Funso: Ndine Mmalawi ndili ku Joni, ndili ndi kabizinesi kodula ndi kusadza mitengo m'mayadi cha ku Randburg, anyamata atatu ndi bakkie (kagalimoto ka pikiapu) imodzi. Mfana wina anandipangira webusaiti koma pa Google sindikuoneka, makasitomala amangobwera kudzera mwa ondidziwa. Pano wina akuti ndizimulipira mwezi ndi mwezi andikweze pamwamba. Ndilipire?

Yankho: Achimwene, ndalamayo isungeni kaye. Amene akulonjeza kuti akuikani nambala wani pa Google akulonjeza zomwe sizili m'manja mwake, ndipo zambiri zomwe mukufunika pano ndi zaulere.

Taganizani amene amakusakaniyo. Mvula ya mabingu ija yagwa madzulo, nthambi ya jacaranda yatsamira pa fensi yamagetsi, geti silikutseguka. Munthu ameneyu alibe nthawi yowerenga mbiri ya kampani yanu, watenga foni walemba "tree felling Randburg" ndipo choyamba kuona ndi mapu okhala ndi mabizinesi atatu, kenako amangoimbira amene ali ndi nyenyezi zambiri. Pamapu pajatu siwebusaiti ayi, ndi Google Business Profile, ija inkatchedwa Google My Business mpaka 2021, ndipo kulembetsa salipira. Ngati mulibe, vuto lanu lagona pomwepo. Poti mumagwira ntchito kwa makasitomala, adiresi yakunyumba mutha kuibisa nkungoika madera omwe mumafika, amalola mpaka 20 koma musaike Pretoria ngati bakkie siifikako. Nthawi zambiri amafuna kavidiyo kotsimikizira kuti bizinesi ilipodi, ndiye onetsani zipangizo ndi galimoto yolembedwa dzina.

Google imanena yokha kuti pamapu imaona zinthu zitatu, ngati ntchito yanu ikugwirizana ndi zomwe munthu walemba, kuyandikira kwanu, komanso kudziwika kwanu. Kuyandikirako palibe chomwe mungachite, koma pa kudziwika chomwe chili m'manja mwanu kwambiri ndi ma review, ndemanga ndi nyenyezi zomwe makasitomala amakupatsani pa Google. Mukamaliza ntchito, mwasesa utuchi, kasitomala akumwetulira, ndi nthawi yomweyo yomutumizira linki yolembera review pa WhatsApp, osati mawa ataiwala. Ma review ochita kugula asiyeni, ngakhale ouza asuweni kuti alembe, a Google akakutulukirani amawachotsa ndipo profile ikhoza kutsekedwa.

Tsopano webusaitiyo. Itseguleni pa foni yanu ndi data wamba osati Wi-Fi, muone. Nambala ikuoneka pamwamba osatsitsa? Mukaidina ikuimba? Batani la WhatsApp lilipo? Mawebusaiti ambiri a mitengo omwe ndimaona amatsegula ndi chithunzi chachikulu cha nkhalango yakunja chotola pa intaneti, cholemera, mpaka munthu amatopa nkubwerera. Chotsani, ikani zanu: mnyamata wanu ali m'mwamba atavala chipewa ndi zingwe, chitsa chisanazulidwe kenako malo omwewo atayera. Mwini nyumba amaopa kuti mugwetsera mtengo padenga, ndiye ngati muli ndi inshulansi lembani poyera, mawu amenewo amagulitsa kuposa logo.

Ntchito iliyonse ikhale ndi tsamba lake, kudula, kusadza, kuzula zitsa, zadzidzidzi, ndipo mutu wa tsamba ukhale ndi ntchitoyo komanso dera, m'Chingerezi chomwe makasitomala amalemba. Koma musamakope tsamba limodzi nkumangosintha Randburg kukhala Fourways, Google imazindikira.

China chomwe anzanu ambiri sachita, lembani zomwe mumadziwa kale. Kachilombo koboola mitengo kaja ka shot hole borer, komwe kanapezeka ku South Africa mu 2017, kawononga mitengo yambiri ku Johannesburg ndipo anthu amasaka zizindikiro zake. Jambulani timabowo tija pa thunthu, fotokozani pang'ono. Lembaninso kuti mtengo wa m'mbali mwa msewu ndi wa khonsolo, woyang'anira ndi City Parks ndipo sumadulidwa popanda chilolezo, munthu akawerenga amadziwa kuti mumaidziwa ntchito.

Mfana uja mumufunse kuti domain, adiresi ya webusaitiyo pa intaneti, analembetsa m'dzina la ndani, ngati ndi lake asinthe likhale lanu pamodzi ndi ma password, tsiku lomwe mudzakangane akhoza kupita nayo. Akuikireninso Search Console, ndi yaulere, imaonetsa mawu omwe anthu akukupezerani. Zotsatira zimatenga miyezi, ndiye aliyense woimba muzimufunsa kuti wakupezani kuti nkulemba m'kope. Za kulipira munthu mwezi ndi mwezi tidzakambe kopelo likadzaza.