Petulo wakhalitsa mu thanki ya boti, stabilizer ingamukonze?

Achimwene mwafunsa ngati mungathire stabilizer mu petulo amene wakhala miyezi 5 mu thanki ya boti kuti injini iyake bwino. Ndikuuzeni zoona, ayi, musataye ndalama. Mankhwala amenewa amateteza petulo watsopano kuti asawonongeke, koma wowonongeka kale samudzutsa ayi.

Chomwe chimachitika nchakuti petulo akangokhala, mbali yake yopepuka ija yomwe imathandiza injini kuyaka msanga imauluka, yotsalayo ikakumana ndi mpweya imayamba kumata ngati ulimbo nkutseka timabowo ta mu kabureta, nde mumakoka chingwe mpaka phewa kuwawa injini osayaka. Vuto lina lalikulu ndi ethanol, mtundu wa spiriti amene amasakaniza mu petulo. Petulo wa E10 ali ndi ethanol 10 pa 100, ndipo ethanol amakoka chinyontho, tsono boti limakhala pamadzi nthawi zonse. Madzi akafika pafupifupi theka la 1 peresenti, ethanol ndi madzi zimapatukana ndi petulo nkukakhala pansi pa thanki, pomwe paipi imakokera mafuta. Zikafika pamenepo palibe botolo lililonse lingazisakanizenso.

Nde inu tapopani pang'ono kuchokera pansi penipeni, muike mu botolo lagalasi, mudikire mphindi 10. Mukaona mizere iwiri, kapena wada komanso akununkha ngati vanishi, mutulutseni yense. Chonde musakhuthulire mmadzi, zimapha nsomba ndi zamoyo zina.

Ine ndinaphunzira movutika, injini yanga ya 15hp inandithimira pakati pa madzi mphepo ikubwera, chifukwa cha petulo wa miyezi 4 basi. Kuyambira pamenepo ndimathira stabilizer tsiku lomwe ndagula petuloyo. Stabilizer yotchedwa STA-BIL, yofiirayo, ndi 30ml pa malita pafupifupi 10, koma werengani pa botolo lanu chifukwa Star Tron ndi zina muyezo wake ndi wosiyana. Mukathira lizani injini mphindi 10 kapena 15 kuti mankhwalawo afike mu kabureta, ambiri amaiwala apapa.

Thanki yomangidwira mu boti muidzaze kufika 95 pa 100, malo a mpweya akachepa madzinso sapangika ambiri, koma musadzaze thoo chifukwa petulo amafufuma kukatentha. Kathanki konyamula katsekeni ka vent, kabowo kolowera mpweya kaja, kakhale pamthunzi kutali ndi moto. Ngati muimika boti miyezi ingapo masulani ka screw kapansi pa kabureta mafuta onse atuluke. Injini ya 2 stroke yosakaniza petulo ndi oyilo pa muyezo wa 50:1, oyilo ndi 20ml pa lita ya petulo, sakanizani okwanira masabata ochepa okha.

Chinanso, nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya, imatsikira pansi pa boti osaoneka, nde mukamatulutsa wakaleyo pasakhale wosuta fodya pafupi ndipo batire muichotse kaye.