Bwanji wa .320 sakumukweza, koma akutama wa .255?

Wowerenga wina amene akukhala ku Albuquerque, m'dziko la America, watilembera pa imelo. Akuti wayamba kukonda baseball ndipo amakaonera timu ya mumzindawo ya Triple-A, gawo lomaliza la maligi ophunzitsira munthu asanafike ku MLB, ligi yaikulu ya baseball ku America. Funso lake nali: "Pali wosewera wa zaka 27 amene akumenya .320 ndipo ma home run (kumenya mpira mpaka kudumpha mpanda wa bwalo) akungowatulutsa, koma sakumuitana ku MLB. Pomwe pa intaneti aliyense akutama kamnyamata ka zaka 20 ka ku Double-A kamene kakumenya .255. Kodi si kukondera kumeneku?"

Ayi achimwene, si kukondera. Nambala ya .320 ikungotanthauza kuti pa maulendo 100 opita kukamenya, munthuyo akupeza hit (kumenya mpira nkufika pa base osatulutsidwa) maulendo 32. Siyikunena kuti akumenya mipira ya ndani, pa bwalo lotani, ali ndi zaka zingati. Ndipo ku minor league, maligi ophunzitsirawa, mafunso atatu amenewa ndiwo amalemera kuposa nambalayo.

Kuyambira mu 2021, timu iliyonse mwa matimu 30 a MLB ili ndi matimu anayi ophunzitsira, kuyambira pansi kukwera m'mwamba: Single-A, High-A, Double-A ndi Triple-A, onse pamodzi 120. Pansi pa amenewa pali maligi a ongoyamba kumene ku Arizona, ku Florida ndi ku Dominican Republic. Ku Single-A osewera ambiri amakhala a zaka pafupifupi 21, ku Double-A 24, ku Triple-A 26 kapena 27. Ndiye onani: wanu wa zaka 27 akusewera ndi amsinkhu wake, ndipo thupi lake lafika pamene lingafike. Kamnyamata kaja kakulimbana ndi anthu okaposa ndi zaka zinayi koma sikakugonja. Wophunzira wa Fomu 4 akakhoza bwino mayeso a Fomu 2 palibe amadabwa, koma wa Sitandade 8 akangopeza theka la malikisi pa mayeso omwewo, aphunzitsi amayamba kumuyang'ana kawiri. Juan Soto anayamba sizoni ya 2018 ku Hagerstown, gawo lotsika la A, ndipo pofika Meyi anali akusewerera Washington Nationals ali ndi zaka 19.

Tsono bwalo lanu lomwelo ndi lonyenga. Albuquerque ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600. Mpweya wa kumeneko ndi wopepuka, choncho mpira ukamenyedwa umapita kutali, komanso curveball ya woponya siyikhota mokwanira. Reno, Salt Lake, El Paso ndi Las Vegas, onse a Pacific Coast League, ali ndi khalidwe lofananalo. Florida State League ndi yosiyana: kumeneko mpira suuluka, ndipo womenya wabwino amaoneka ngati wamba. Chitsanzo cha nambala zonyenga chimene akatswiri satopa kuchitchula ndi Brandon Wood, amene mu 2005 anamenya ma home run 43 ku Rancho Cucamonga, mu California League. Atafika ku MLB anangothera pa .186. Chizindikiro chinalipo kale: ankaphonya mipira yambiri, ndipo oponya a MLB atadziwa mipira imene amaithamangira kunja kwa strike zone, dera limene woponya ayenera kudutsitsamo mpira, sanamupatsenso ina.

Apa ndiye pagona nkhani kwa omenya. Musanayang'ane china chilichonse, werengani ma strikeout (kutulutsidwa chifukwa cha ma strike atatu) ndi ma walk (kupita pa first base mwaulere woponya akaphonya strike zone kanayi), mugawe ndi maulendo onse amene wosewerayo waima kukamenya. Ku MLB, strikeout imachitika pa maulendo pafupifupi 22 mwa 100 aliwonse, walk pa maulendo 8. Wa ku Double-A amene akupitirira 30 pa strikeout ali pa ngozi, chifukwa nambalayo nthawi zambiri imakwera akakwezedwa. Wa zaka 20 amene ali pa 18, nkumapezanso walk 11 pa 100, ndiye kuti diso lake likuona msanga mpira umene ukubwera, ndipo mphamvu zidzabwera thupi likamakhwima. Ubwino wa nambala ziwirizi ndi woti zimakhazikika msanga, pakangotha miyezi iwiri zimakhala zikunena zoona. Batting average, nambala ija ya .320, imatengera mwayi kwambiri: mipira khumi yokha yogwera pakati pa otchinga pa maulendo 200 imasandutsa .270 kukhala .320.

Ma scout, anthu amene matimu amawalemba ntchito yoyendayenda kukaona osewera, amapereka malikisi kuyambira 20 mpaka 80, ndipo 50 ndiye wosewera wapakatikati wa MLB. Amayesa zinthu zisanu: kukhudza mpira, mphamvu, liwiro, kutchinga ndi mkono. Zina amachita kuyeza ndi wotchi. Womenyera kumanja akathamanga kufika pa first base m'masekondi 4.3 amapeza 50, akafika mu 4.0 ndi 80. Catcher, wogwira mipira kumbuyo kwa womenya, amayenera kufikitsa mpira ku second base m'masekondi pafupifupi 2.0. Malikisiwa amaperekedwa kawiri, a lero ndi a m'tsogolo, ndipo anthu akamatama kamnyamata kaja akunena za achiwiriwo.

Malo amene munthu amasewera nawonso amasintha zonse. Shortstop (woima pakati pa second base ndi third base), catcher kapena center fielder (woima kutali pakati pa bwalo) wodziwa kutchinga akhoza kufika ku MLB ngakhale ndodo yake ili yofooka. Gift Ngoepe wa ku South Africa anasaina ndi Pittsburgh Pirates mu 2008, nafika ku MLB mu Epulo 2017 ngati woyamba wobadwira mu Africa kusewera kumeneko, ndipo chinamunyamula zaka zonsezo chinali kutchinga, osati kumenya. Wa first base alibe pothawira: akapanda kumenya koposa anzake, malo palibe. Fufuzani kuti wanu wa .320 amaima pati.

Kwa oponya mpira, ERA (nambala yoonetsa zigoli zimene woponya amalola) ya ku minor league musaikhulupirire kwambiri, chifukwa otchinga akumbuyo kwawo amalakwitsa pafupipafupi. Chotsani ma walk pa ma strikeout muone chotsala. Fastball, mpira woponyedwa mwaliwiro, ya ku MLB masiku ano ili pa mamailosi pafupifupi 94 pa ola, koma liwiro lokha silikwanira. Wopanda mtundu wachitatu wa kaponyedwe, makamaka changeup (mpira wooneka ngati fastball koma wochedwa) yolimbana ndi omenyera mbali inayo, amathera ku bullpen, gulu la oponya olowa masewera ali mkati. Ndipo chigongono chikaduka mtsempha, opaleshoni yokonza mtsemphawo, yotchedwa Tommy John, imamudyera miyezi 12 mpaka 18.

Chotsala ndi malamulo, amene oonera ambiri sawaganizira. Kuti munthu aitanidwe ku MLB ayenera kukhala pa mndandanda wa osewera 40 wa timuyo, ndipo kumuikapo kumafuna kuchotsapo wina, amene matimu ena akhoza kumutenga. Wosainidwa ali ndi zaka 18 kapena kucheperapo amayenera kuikidwa pa mndandandawo pakatha masizoni asanu, wa zaka 19 kupita m'tsogolo pakatha anayi, apo ayi timu ina ikhoza kumutola pa Rule 5 draft, pamene matimu amasankha osewera otere mu Disembala. Ngati wanuyo wadutsa pa draft imeneyi kangapo osatengedwa, ndiye kuti matimu ena 29 anamuona kale ndipo agwirizana ndi mabwana ake. Tsegulani tsamba lake pa FanGraphs kapena Baseball-Reference, mawebusaiti a nambala za baseball, muyerekeze zimene amamenya pakhomo ndi zimene amamenya koyenda. Mukapeza kuti ku Sacramento ndi ku Tacoma, kumene mpira suuluka, akumenyabe chimodzimodzi ndipo strikeout yake ili pansi pa 20, pamenepo dandaulo lanu lili ndi maziko.