Kodi bwalo lingamumenyere munthu home run? Yankho kwa wowerenga wa ku Johannesburg

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa wowerenga wina amene amakhala ku Johannesburg. Iye anayamba kutsatira baseball ya ku America chifukwa amagwira ntchito usiku, nthawi imene masewerowa amaonetsedwa pa kanema kumeneko. Funso lake mwachidule linali lakuti: mnzake wa kuntchito amakakamira kuti osewera a Colorado Rockies sayenera kutamandidwa chifukwa bwalo lawo ndi limene limawamenyera ma home run (mipira yomenyedwa mpaka kudutsa mpanda wa bwalo ili m'mwamba), ndiye kodi bwalo lingasandutsedi munthu wamba kukhala chimphona, kapena mnzakeyo ndi kaduka chabe?

Achimwene, mnzanuyo ali ndi mfundo, koma wailumpha pakati. Bwalo limagwira ntchito kwambiri pa mipira yokayikitsa, imene imafika pafupi ndi mpanda n'kumachita ngati idutsa kapena igwa, ndipo mipira yotereyi ndi yambiri pa chaka. Mpira umene wamenyedwa ndi mphamvu zonse, pakatikati pa ndodo, umatuluka pafupifupi m'bwalo lililonse.

Poyamba tikumbukire kuti baseball ndi yosiyana ndi mpira wamiyendo, umene golo lake ndi lofanana kulikonse. M'kati mwa bwalo miyeso ndi yokhazikika: kuchokera pa base ina (malo amene womenya amathamangira akamenya mpira) kufika pa inzake ndi mamita 27, ndipo woponya amaima mamita 18 ndi pang'ono kuchokera pamene pali womenya. Koma mpanda wakunja, umene mpira uyenera kudutsa uli m'mwamba kuti ikhale home run, umasiyana mtunda, msinkhu ndi maonekedwe pa bwalo lililonse. Pali lamulo lakuti mabwalo omangidwa kuyambira mu 1958 akhale ndi mamita osachepera 99 m'mbali ndi 122 pakati, komabe mabwalo akale sanakhudzidwe, ndipo ena atsopano analoledwa kulipatuka.

Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi cha pa 29 Seputembala 1954, masewero oyamba a World Series, mpikisano womaliza wopezera akatswiri a chaka, pa bwalo la Polo Grounds ku New York. Bwalo limeneli linali lalitali ngati bafa: kumanja mpanda unali pa mamita 79 okha, pamene pakati unali kutali mamita 147. M'chigawo chachisanu ndi chitatu cha masewerowo, matimu ali 2-2, Vic Wertz wa Cleveland anamenya mpira umene unauluka mamita opitirira 125 molunjika pakati, mpira woti m'mabwalo ambiri anthu akanaimirira n'kuyamba kuimba. Willie Mays wa New York Giants anatembenuka, anathamanga atafulatira womenya, n'kuuwakha ukuchokera kumbuyo kwake, pamwamba pa phewa. Wertz anabwerera kukakhala pansi wopanda kanthu. M'chigawo chakhumi Dusty Rhodes wa Giants anakwapula kampira kokwera, kopanda ukali, kamene kanangotsetsereka pamwamba pa mpanda wafupi wa kumanja uja, ndipo Giants inapambana 5-2. Tsiku limodzi, bwalo limodzi, amene anamenya kutali anatuluka chimanjamanja ndipo amene anamenya pafupi ananyamulidwa pamapewa.

Apa ndi pamene pamabwera nkhani ya dzanja. Womenya wamphamvu nthawi zambiri amakokera mpira kumbali yake: wamanzere amautumiza kumanja kwa bwalo, wamanja amautumiza kumanzere. Choncho funso lenileni silikhala lakuti bwalo ndi lalikulu kapena laling'ono, limakhala lakuti mbali imene munthuyo amamenyera ndi yotani. Mel Ott, wamanzere amene anasewera pa Polo Grounds moyo wake wonse, anamenya ma home run 511, ndipo 323 mwa amenewa anali a pakhomo. Joe DiMaggio, wamanja wa New York Yankees, anakumana ndi zosiyana. Bwalo lakale la Yankee Stadium linali lofupika kumanja, zimene zinkakomera amanzere ngati Babe Ruth, koma pakati chakumanzere mpanda unali pafupifupi mamita 140, malo amene anthu anawatcha Death Valley chifukwa mipira inkakafera kumeneko. Pa ma home run ake 361, DiMaggio anamenya 148 okha pakhomo ndipo 213 anamenyera kwa eni. Ine ndimaona kuti tikamadandaula za anthu amene bwalo linawakondera, tizikumbukiranso amene linawabera, pakuti iwowa sakambidwa kawirikawiri.

Msinkhu wa khoma nawo uli ndi zake. Ku Fenway Park, mumzinda wa Boston, bwalo limene linatsegulidwa mu 1912, khoma la kumanzere lili pa mamita 94 okha koma ndi lalitali mamita opitirira 11, ndipo amalitcha Green Monster. Mpira wokwera m'mwamba mwaulesi umalidutsa, koma mpira waukali wouluka motsika, umene kwina ukanatuluka, umagunda khoma n'kubwerera m'bwalo, womenya n'kuthera pa base yoyamba kapena yachiwiri. Eni matimu amadziwa bwino zonsezi, moti ku Baltimore mu 2022 anasunthira kutali khoma la kumanzere ndi mamita pafupifupi 8 n'kulikweza, kenako ataona kuti omenya awo amanja akuvutika analibweza pang'ono mu 2025.

Tsopano tifike ku Denver, kumene kuli mkangano wanuwo. Coors Field, bwalo la Colorado Rockies, inatsegulidwa mu 1995, ndipo ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. M'mwamba mwa bwalolo muli mzera wa mipando ya mtundu wa pepo umene umasonyeza pamene pakukwana mailo imodzi. Pamtunda wotere mpweya ndi wopepuka, umachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu poyerekeza ndi wa kugombe, ndiye mpira sukanidwa kwambiri pouluka. Mpira umene ukanagwa pa mamita 120 ku Boston umapitirira ndi mamita asanu kapena kuposerapo ku Denver, ndipo mamita asanu ndi ambiri kwa mpira umene ukanawakhidwa munthu atatsamira mpanda. Inuyo simufunika kupita kutali kuti mumvetse zimenezi, chifukwa Johannesburg ili pamwamba kuposa Denver, ndipo okonda rugby kumeneko amadziwa kuti mpira wokankhidwa ku Ellis Park umafika patali kusiyana ndi ku Durban.

Chimene ambiri sachiganizira ndi zimene mpweya wopepukawo umachita kwa woponya. Woponya amapotoza mpira ndi zala kuti uzizungulira, ndipo ulusi wofiira wosokera mpirawo umagwira mpweya n'kuchititsa kuti ukhote kapena ugwe mwadzidzidzi pamaso pa womenya. Mpweya ukachepa, kukhotako kumachepanso, ndiye mpira umene unayenera kupusitsa munthu umabwera mowongoka ngati mphatso. Omanga bwalolo anayesa kuteteza oponya poika mpanda kutali, mamita 126 pakati, koma zimenezi zinabala vuto lina: dera limene owakha atatu akunja ayenera kulondera linakula kwambiri, moti mipira yambiri imagwa pakati pawo. Mu 1999 pa bwaloli panamenyedwa ma home run 303 m'chaka chimodzi, kuwerengera matimu onse awiri.

Mu 2002 timu ya Rockies inayamba kusunga mipira m'chipinda chapadera chotchedwa humidor, mmene kutentha ndi chinyezi sizisintha. Zinadziwika kuti ku Denver, kumene mpweya ndi wouma, mipira inkauma, kupepuka ndi kulimba, ndiye inkadumpha kwambiri ikakumana ndi ndodo, komanso inkaterera m'zala za woponya. Mpira womwa chinyezi pang'ono umalemerako ndipo sudumpha chimodzimodzi, ndipo ma home run anatsikadi. Ku Phoenix anatengera njira yomweyi mu 2018, ndipo pofika 2022 mabwalo onse 30 a ligi yaikulu anali ndi chipinda chotere. Apa pali kanthu kosokoneza kamene ndikufuna mukagwire: mpweya wachinyezi ndi wopepuka pang'ono kuposa wouma, choncho suletsa mpira kuuluka monga ambiri amaganizira. Chimene chimafooketsa mpira ndi chinyezi cholowa mu mpira mwenimwenimo. Ngakhale ndi humidor, phiri silisuntha. Pamene San Diego Padres ndi San Francisco Giants anakasewera ku Mexico City mu Epulo 2023, pamtunda wa mamita opitirira 2,200, masewero oyamba anatha 16-11 ndipo panatuluka ma home run 11.

Za kutentha sinditaya nthawi. Mpweya wotentha ndi wopepuka, ndipo akatswiri a sayansi amene amayeza zimenezi amati kutentha kukakwera ndi madigiri asanu kapena asanu ndi limodzi, mpira wautali umawonjezera pafupifupi mita imodzi. N'chifukwa chake mu Epulo, kumpoto kwa America kukadali chisanu, omenya amphamvu amaoneka ngati agona, n'kudzadzuka mu Julayi.

Mphepo ndiye ilibe ulemu. Wrigley Field ya ku Chicago, yomangidwa mu 1914 pafupi ndi nyanja ya Michigan, imakhala ngati mabwalo awiri osiyana. Mphepo yozizira ikamachokera kunyanja n'kulowa m'bwalo, mpira womenyedwa bwino umaima m'mwamba n'kugwera m'manja mwa wowakha. Ikatembenuka n'kumawomba chotuluka, oponya amayang'ana mbendera za pamwamba pa bwalo mtima uli m'mwamba. Pa 17 Meyi 1979, mphepo ikutuluka, Philadelphia Phillies inagonjetsa Chicago Cubs 23-22, Dave Kingman wa Cubs atamenya ma home run atatu koma osapindula nawo, chifukwa Mike Schmidt anamenya ina m'chigawo chakhumi n'kutseka nkhani. Ku San Francisco vuto ndi mpweya wozizira wa kunyanja madzulo. Bwalo la kumeneko, lotsegulidwa mu 2000, lili ndi mpanda wa kumanja pa mamita 94, koma khoma lake ndi lalitali mamita 7 ndipo limathawira kutali msangamsanga mukamalowera pakati, moti amanzere ambiri amalira nalo.

Komabe ndi pa bwalo lomwelo pamene Barry Bonds, wamanzere, ankasewera pomwe anamenya ma home run 73 mu 2001, 37 pakhomo ndi 36 kwa eni. Za mkangano wa mankhwala owonjezera mphamvu umene umatsatira dzina lake tidzakamba tsiku lina. Chimene ndikuonetsa pano ndi chakuti bwalo lovuta silinamuletse. Aaron Judge wa New York Yankees atamenya 62 mu 2022, anthu ena anathamangira kunena za mpanda wafupi wa Yankee Stadium, koma oposa theka anamenyera kwa eni, ndipo womaliza anamenyera ku Arlington, m'chigawo cha Texas. Amene amapindula kwambiri ndi bwalo laling'ono kapena mpweya wopepuka ndi womenya wapakatikati, amene mipira yake yambiri imathera mamita awiri kapena atatu mpanda usanafike. Ameneyo mukamusamutsira ku Denver chiwerengero chake chimafufuma, ndipo mukamuchotsako chimaphwa.

Njira yoweruzira ndi kuyerekeza zimene munthu wachita pakhomo ndi zimene wachita kwa eni, kwa zaka zingapo osati chimodzi, chifukwa timu imasewera masewero 81 pakhomo ndi 81 koyenda. Masiku ano, kuyambira mu 2015, makina a Statcast amayezanso liwiro limene mpira wachoka nalo pa ndodo ndi mmene wakwerera, zinthu zimene mpanda sungasinthe. Koma pa osewera a Colorado samalani pang'ono. Munthu akatha sabata yonse akuona mipira yosakhota kwenikweni, kenako n'kutsikira ku Los Angeles kapena San Diego kumene mpira womwewo ukugwa mwaukali, maso ndi manja zimafuna masiku kuti zizolowere. Choncho ziwerengero zawo za koyenda zimatsika kuposa luso lawo lenileni, monga mmene za pakhomo zimakwerera kuposa luso lawo, ndipo munthu weniweniyo ali penapake pakati.

Mnzanuyo sali yekha pa kukayika kwake. Larry Walker, wa ku Canada, amene anasewera zaka pafupifupi khumi ku Colorado, anadikira mpaka 2020, chaka chakhumi ndi chomaliza chimene dzina lake likanavoteredwa ndi atolankhani, kuti alowe mu Hall of Fame, malo olemekezera akatswiri a baseball amene anapuma, ndipo chifukwa chachikulu chinali dzina la Coors Field. Mukakumana naye mnzanuyo pa tiyi wa usiku, mufunseni kuti mu 1997, humidor isanabwere, pamene Walker anamenya ma home run 49 n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu National League (limodzi mwa magulu awiri a ligi yaikulu), anamenya angati pakhomo. Yankho ndi 20, ndipo 29 enawo anamenyera m'mabwalo a eni.